Midzi Khumi ndi Iwili Yopanda Wodwala

Loli ya thonje inaima pamene msewu wabwino unathela. Kunali kutada. A Chibuye, dalaivala wake, analoza ndi chibwano kumene timoto tinali kuthwanima pakati pa mitengo.

"Mudzi wanu ndi uwo, amai. Muchenjele. A kuno amadya mbewa. Akakupatsani ndiwo, muyambe mwafuna mchila."

"Ndatha milungu itatu pakati pawo. Mchila sindinauone."

"Amabisa," anatelo a Chibuye, akuseka okha. "Mailo mbandakucha ndidutsanso pano. Hutala ndiliza kawili. Kachitatu kulibe."

Loli inapita. Fumbi linatsala, ndi kuzizila kwa Julaye.

Mildred Mbumwae anamanganso chitenje, nakoleka chikwama paphewa. Kalata yake inati adzafika Lachinayi. Tsikuli linali Lachitatu. Loli inapezeka pa Nyimba, iye anakwela. Sanali munthu wodikila. Anabadwila ku Mongu, anakulila ku Lusaka, ndipo chaka chimenecho cha 1982 anali atagona pa mphasa za eni zosawelengeka.

Ntchito yake inali kulemba anthu. Dokotala wina wa ku Lusaka ankafufuza magulu awili. Loyamba, okalamba amene nzelu zayamba kuwathawa, oiwala njila ya kwawo ndi maina a ana awo. Lachiwili, anthu obadwa ndi njila yawoyawo: olankhula pang'ono kapena osalankhula n'komwe, osafuna kukhudzidwa, ofuna kuti tsiku lililonse lifanane ndi linzake. Dokotala ankati dimensha ndi otizimu. Mawu a m'mabuku. Funso lake linali lalifupi: anthuwa ali kuti, ndipo amawathandiza ndani? Yankho lake silinali lokongoletsela shelefu. Manesi atatu anali kumaliza maphunzilo a matenda a maganizo. Atatu okha. Anayenela kutumizidwa kumene mafomu adzaonetse anthu ambili osowa thandizo.

M'makomboni a Lusaka, Mildred anadzaza mafomu makumi anayi mlungu umodzi. Ku Kaumbwe, midzi isanu ndi umodzi: palibe. Ku Msanzala, inanso isanu ndi umodzi: palibe. Mudzi ukakhala wopanda wodwala, ankajambula mzele umodzi wopingasa pa fomu, acheyamani a chipani n'kudinda, iye n'kusaina pansi. M'chikwama munali mafomu otelo khumi ndi awili.

"Mpweya wa kumudzi," ankadziuza. "Anthu a kuno ndi olimba."

Mafomu ankafunika ku Lusaka pakutha pa mwezi. Panatsala masiku asanu ndi anayi. Mudzi uno wa ku Luembe unali womaliza. Mzele wina umodzi, kenako kwawo. Madzi a pampopi. Buledi.

Asanafike pa nyumba yoyamba anamva chitsulo. Ngwee! Ngwee! Mkulu wina wovala chisoti cha kumgodi anali kumenya chidutswa cha njanji chopachikidwa pa mtengo wa mango. Ankamenya mosamala, ngati munthu amene ali pantchito. Chapafupi, mwamuna wandevu anali atagwada. Ankayala zitsononkho pamzele, kuchokela pakhomo kulowela kumtengo, mpata wa chala chimodzi pakati pa chilichonse ndi chinzake. Ankang'ung'udza kanyimbo kopanda mawu. Sanacheuke.

Pakhonde, pa kuwala kwa koloboyi, mkazi anali kulimbana ndi mphasa. Poto, mabulangete awili, chigubu cha madzi, zonse pamulu.

"Odi."

"Odini." Mkaziyo anayang'ana chikwama, nayang'ana chitenje chafumbi. "A nsomba? Mwasochela. Asodzi ali ku Luangwa. Mwabwela ndi mchele kapena sopo?"

Mildred anatsegula pakamwa. Mkaziyo sanadikile.

"Gwilani apa. Kokani. Ine ndine Consolata. Awo ndi atata, a Daka. Uyo ndi mlongo wanga Vitalis, musamupatse moni wa dzanja. Mwafika tsiku loipa, amai. Tikusamuka."

"Usiku uno?"

"Kudimba. Usiku umodzi ndi tsiku limodzi. Mailo kubwela mzimai wa boma wolemba ofunta."

Luzi linali m'manja mwa Mildred. Analigwila chabe.

"Kokani, amai. Manja a m'tauni!"

Anakoka. Akanatha kunena pomwepo kuti ndi ndani. Sananene.

"Mwadziwa bwanji kuti abwela?"

"Amalemba yekha kalata! Masiku atatu asanafike. Munthu waulemu." Consolata anaseka kuseka kouma. "Kalata imafika kwa acheyamani. Acheyamani amatuma njinga. Njinga ikadutsa, aliyense wadziwa chochita. Ku Kaumbwe msuweni wanga Sarah anagona masiku awili mumsasa ndi apongozi ake. Ku Msanzala ndiye kunali zoseketsa. Anachedwa. Mlendo akuonekela kumsewu, mayi wokalamba akali pabwalo. Anawakweza m'nkhokwe, nawapatsa mbatata yootcha kuti akhale chete. Mzimai uja anakhala pamthunzi wa nkhokwe yomweyo. Anamwa thobwa makapu awili."

Mildred anaikumbukila nkhokweyo. Anakumbukila thobwa, lotsekemela bwino. Anakumbukilanso chifuwa chimene chinamveka pamwamba pa mutu wake. Acheyamani a kumeneko anati ndi nkhuku. Iye anajambula mzele.

"Inu munamuonapo?"

"Iai. Akuti ndi wamtali, Mlozi, samwetulila. Amafunsa kamodzi, amajambula mzele, amafunsa za basi."

Mildred anawelama, namanga mfundo yachiwili imene sinkafunika.

"Vitalis, tiye," anaitana Consolata. "Tiye kudimba."

Chitsononkho china chinaikidwa pamzele. Basi.

"Mwaona? Kuyambila masana ndikumunyengelela. Zaka makumi atatu, sanagonepo kwina. Akapanda kunyamuka iye, atata sanyamuka. Atata salandila chakudya kwa ine, amati ndiwathilila mankhwala. Amalandila kwa iye. Akasochela, mudzi wonse umathamangila kumpoto, iye amalowela kum'mwela n'kubwela nawo atawagwila jekete. Awiliwa ndi mwendo ndi ndodo. Ndodo ndani, sindidziwa."

A Daka anasiya kumenya. Anamuyang'ana Mildred pansi pa chisoti.

"Iwe! Nambala yako? Shifiti yalowa kale."

"Anali kapitao pa mgodi ku Kabwe," ananong'ona Consolata. "Tchulani nambala iliyonse."

"Faifi, bambo."

"Thamanga, Faifi."

Tochi inabwela ikuvina m'njila. Kumbuyo kwake njinga, kumbuyo kwa njinga mwamuna wonenepa wa jekete ya suti ndi baji ya chipani pachifuwa.

"Mulamu! Mukali pano? Anzanu makomo anayi atsika kale."

Makomo anayi. Mudzi umodzi. Mildred anawelenga mumtima.

"Alamu, mimba yafika," anatelo Consolata. "Inu mufika liti?"

"Muzinyoza. Mng'ono wanu ndiye amaidyetsa." Anali a Morgan Sakala, acheyamani a chipani m'mudzimo, amuna a mng'ono wake wa Consolata. Anamuunika Mildred kumaso. "A nsomba? Kadi ya chipani muli nayo? Kuno ngakhale milamba ili ndi makadi."

Anadziseka okha, naimika njinga, namasula malegeni a pa kaliyala.

"Nthawi yatha. Mzimai uja akhoza kulawila. Vitalis, mwamuna mnzanga, nyamuka."

Anayenda molunjika. Tochi inali pankhope ya Vitalis, osati pansi. Nsapato inalowa mumzele. Zitsononkho zinamwazika.

Kulila kumene kunatuluka mwa Vitalis, Mildred anali atakumvapo ku Lusaka, kuseli kwa zitseko zokhoma. Vitalis anatseka makutu. Kenako anayamba kudzimenya m'mutu ndi zibakela, phu, phu, phu. A Daka anathamangila kuchitsulo.

"Ngozi! Ngozi pansi! Tulutsani anthu!"

Ngwee-ngwee-ngwee! Agalu a mudzi wonse anayankha.

"Gwilani miyendo, mulamu! Timange manja asadzipweteke. Timukweza panjinga."

"Musamugwile! Alamu, ndati musamugwile!"

A Sakala anali atazunguliza kale mphila padzanja limodzi.

"Musiyeni," anatelo Mildred.

"Amai, inu zanu ndi nsomba," anatelo a Sakala.

"Ndati musiyeni!" Anatsegula chikwama mwamphamvu, natulutsa mafomu, nawaika pa kuwala kwa tochi. Zidindo khumi ndi ziwili. "Mzimai wa boma uja ndine. Ndafika. Mubisa chiyani tsopano?"

Mphila inagwa pansi.

Consolata sanamuyang'ane n'komwe. Anagwada. Anatola chitsononkho, nachiika pafupi ndi bondo la Vitalis, osamukhudza. China. Chinanso. Chachinayi Vitalis anachitola yekha. Zibakela zinayamba kuchepa mphamvu. Mzele unayambanso kuchokela pakhomo, mpata wa chala chimodzi. A Daka ataona mzelewo anataya chomenyela, nakhala pa mpando wawo. Zinatenga nthawi.

Mildred ndiye anayamba kulankhula.

"Midzi khumi ndi iwili, a Sakala. Milungu itatu. Ndagona ndi nsikidzi, ndayenda mpaka zidendene kung'aluka. Inu ndi anzanu mumandiyendetsa ngati mbuzi ya pachingwe. Mudziwa chimene mwachita? Pali manesi atatu. Mmodzi akanatha kukhala pa Nyimba kapena pa Petauke. Mapepala awa akuti kuno kulibe womufuna. Apita kumene kuli kale zipatala, kumene kuli kale mankhwala. Mwadinda nokha!"

A Sakala anazimitsa tochi. Mabatile anali osowa.

"Amai, munatilembela kalata. Mlendo akalonjeza tsiku, timasesa pabwalo."

"Anthu ndi zinyalala?"

"Sindinatelo. Koma tamvani. Lipoti likafika ku boma kuti mudzi wa Sakala uli ndi ofunta makomo asanu, akuluakulu amati chiyani? Amati Sakala walephela. Feteleza amayamba kwa ena. Dilawo amakumba kwa ena. Inu mumakhala mutapita." Anakanda pachibwano. "Ndipo mzele uja sindine ndimajambula. Munafunsa yani m'midzi yonseyo? Munafunsa ife acheyamani. Mutakhala pa mpando. Kuseli kwa nyumba munazungulilako?"

Sanazungulileko. Malangizo a dokotala ankati: lembela atsogoleli, khala nawo pansi, funsa. Anawatsata bwinobwino. Ankamaliza msanga, n'kumadzitama.

"Alamu, khalani chete. Feteleza wanuyo." Consolata anali ataimilila. Anapukuta manja pa chitenje, nayandikila mpaka Mildred anamva fungo la utsi pa zovala zake. "Inu. Mwandigwilila luzi. Mwandisiya ndikuyalutsa za m'nyumba mwanga, inu muli phee ngati mphaka pa nkhokwe. Kwanu amachita choncho?"

"Ndinalakwa."

"Munalakwa. Mlendo ndi mame. Dzuwa likatuluka mwauma, ife tatsala. Mufuna kudziwa chifukwa chake timabisa? Funsani ine, osati a mimba awa."

Analoza pakhonde. Mildred anakhala. Consolata sanakhale.

"Tinali ndi mkulu wathu, Sophia. Anali ngati uyu, koma iye ankalankhula. Ankabweleza mzele umodzi wa nyimbo ya kutchalitchi tsiku lonse. Ankasinja bwino kuposa tonse. Nthawi ya azungu kunabwela kalaliki ndi buku. Munthu wabwino. Anatipatsa maswiti. Anafunsa ngati pali wodwala mutu, boma lifuna kuthandiza. Amai anatchula dzina. Miyezi iwili, galimoto. Anamukweza akuimba. Ine ndinali ndi zaka khumi, ndinathamangila galimotoyo mpaka kumtsinje."

"Anamupititsa kuti?"

"Funsani inu a mapepala! Ufulu utabwela anthu anavina, mbendela inakwela. Atata anavala suti, napita kukamufuna. Chipatala ichi, chipatala icho. Apa akuti failo sioneka. Apo akuti bwelani Lolemba. Anabwelako ndi nsapato zobooka. Malilo sitinalile, mtembo sitinauone. Amai anamwalila akuyang'ana kumsewu. Lelo atata aiwala dzina langa. Aiwala kuti amai anafa. La Sophia sanaliiwale."

Vitalis anali atafika pakati pa bwalo ndi mzele wake. Kanyimbo kaja kanabwelela.

"Masiku ano sititenga munthu," anatelo Mildred. "Tingolemba."

"Kalaliki uja anatelonso. Mungalumbile? Ikani dzanja pamutu pa atata, mulumbile kuti dzina la Vitalis likalowa m'chikwama chanu, galimoto sidzabwela."

Mildred anaganiza za kabati yachitsulo mu ofesi ya dokotala. Kiyi wake sanali naye. Anaganiza za dokotala, munthu wofatsa amene anaika malo a dzina pamwamba penipeni pa fomu, amene mlatho wa Luangwa anali asanauolokepo. Dokotala akadzasamuka, kabati idzatsala. Adzaitsegula ndani? Anaganiza za chipinda china chimene anachiona ali pa maphunzilo. Amuna makumi atatu, mabedi khumi, zenela limodzi.

"Sindingalumbile."

Consolata anaphethila. Ankayembekezela bodza.

"Ndiye mwabwelelanji?"

"Nesi."

"Adzawachilitsa?"

"Iai. Kuiwala kwa atata sikuchila. Vitalis sadwala matenda ochila, anabadwa choncho."

"Mwamva, alamu? Nesi wosachilitsa. Boma!"

"Atata akadzasiya kugona, pali mankhwala," anatelo Mildred. Mkwiyo unali utamuumitsa mawu. "Ku Lusaka alipo. Ndawaona akupelekedwa kwa anthu oyenda mphindi khumi kuchokela kunyumba. Vitalis akadzadwala malungo, pakhale wodziwa kumubaya jekeseni osamumanga. Anthu akadzayamba kunena kuti atata ndi mfiti, pakhale wovala yunifomu woimilila pabwalo n'kunena kuti ndi matenda."

Consolata anayang'ana a Sakala. A Sakala anayang'ana njinga yawo.

"Anayamba kale," anatelo a Sakala motsitsa. "Mwezi watha anawapeza kumanda m'mawa, alibe zovala. Ankafuna chipata cha mgodi. Anyamata anatola miyala. Ndinaima pakati ndi baji iyi. Kachiwili sindidziwa ngati baji idzakwanila."

"Nanga inu mukadzadwala, a Consolata? Adzawapatsa madzi ndani?"

"Ine sindidwala. Ndilibe nthawi."

Koloboyi inathetheka. Mildred anatulutsa fomu yatsopano. Anaiyang'ana. Dzina, dzina la bambo, mudzi, mfumu: zonse pamwamba, m'kabokosi kakekake. Anapinda pepala pansi pa kabokosiko. Ananyowetsa mpindilowo ndi lilime. Anang'amba. Anachita chimodzimodzi ndi fomu yachiwili. Timapepala tiwilito anatiika m'manja mwa Consolata.

"Mitu itsala kuno. Ine nditenga thupi. Ndilemba Luembe, basi."

"Aloleza?"

"Lamulo likuti fomu yopanda dzina siwelengedwa."

"Ndiye mwang'ambilanji?"

"Lamulo lomwelo landipatsa mizele khumi ndi iwili ya bodza. Ndikalimbana naye dokotala. Akakana, ndikamuuza za nkhuku ya ku Msanzala pamaso pa anzake."

A Sakala anatsokomola. Kunali kuseka kobisa.

Consolata anatembenuza timapepala tija. Tinali topanda kanthu, koma anatigwila ngati ndalama ya malilo. Anayang'ana atate ake. Anayang'ana Vitalis, amene anali kuika chitsononkho chomaliza patsinde pa mango.

"Funsani," anatelo. Anakhala pansi.

Mildred anafunsa. Kanali koyamba m'milungu itatu kufika pa tsamba lachiwili. A Daka anayamba liti kuiwala? Chaka chimene dzombe linadya mapila. Nanga Vitalis, amadya yekha? Amasamba yekha? Analankhulapo mawu angati? Asanu: madzi, atata, iai, mvula, basi. Kiliniki ili patali bwanji? Kunyamuka tambala woyamba, kufika dzuwa lili pamutu. Munapitako? Kamodzi. Anati chiyani? Anati kuno timaona malungo ndi azimai apakati, ofunta pitani nawo kwa sing'anga.

Mildred analemba mawuwo monga ananenedwela. Bolopeni inaboola pepala.

"Ine bokosi langa lili pati?" anafunsa Consolata, akusuzumila.

Mildred anafuna tsamba loyamba. Anafuna lachiwili.

"Palibe."

"Ndinadziwa."

Mildred anatembenuza pepala cham'mbali. M'mphepete, mmene munali moyela, analemba: Wowasamala ndi mkazi mmodzi. Amalima yekha. Amagona pakhomo kuti bambo asatuluke. Anawelenga mokweza.

"Onjezani kuti msana unatha."

Anaonjeza.

"Nanga makomo anayi aja?" anafunsa a Sakala. "Ndikawabweze? Kudimba kukuzizila, ndipo mvuu zikutuluka."

"Kawabwezeni," anatelo Mildred. "Muwauze kuti ndafika, ndipo maina sinditenga. Wofuna abwele m'mawa loli isanadutse. Wosafuna agone m'nyumba mwake. Sindizungulila kuseli kwa munthu amene wandikana."

Kudimba sikunapitidwe. Vitalis anatenga mbale, nakhala pafupi ndi atate ake, nayamba kuwapatsa mbatata kachidutswa kachidutswa. Consolata anamasula mphasa ija. Mfundo yachiwili inavuta.

"Mwamanga ngati mukumanga mbala," anatelo. "Mugona pomwepa."

Kusanache bwino, pabwalo panali mkazi mmodzi, atadzifunditsa bulangete mpaka m'maso. Mmodzi mwa anayi. Sanatchule dzina, Mildred sanafunse. Anayamba ndi kung'amba mutu wa fomu pamaso pake. Mkaziyo anayankha mafunso onse akuyang'ana pansi. Amuna ake anayamba kuiwala zaka zitatu zapitazo. Tsopano amamutcha mlendo, amamuthamangitsa m'nyumba imene anaimata yekha. Atamaliza anatenga kapepala kake, nakalowetsa m'duku, nachoka osatsazika.

Mafomu atatu. Makomo atatu anakana.

A Sakala anafika akukankha njinga, maso ofiila.

"Ena aja akuti akuthokoza, koma iai."

"Ndamva."

"Nanga amizele aja muchita nawo chiyani?"

Mildred anawatulutsa onse khumi ndi awili. Anaona siginecha yake pa iliyonse, yokongola, yopendekeka bwino. Anawapanikiza pachifuwa cha a Sakala, pamwamba pa baji.

"Pichilani fodya."

A Sakala anasisita pepala ndi zala. "Labwino. Lopyapyala." Anawapinda, nawaika m'thumba. "Ndiye ku Lusaka mupita ndi atatu okha?"

"Sindipita ku Lusaka. Ndibwelela kumene ndachokela. Kalata sindilemba. Inu njinga musatume."

"Masiku asanu ndi atatu, midzi khumi ndi iwili? Simumaliza."

"Ndifika pamene ndifike. Njinga, a Sakala."

"Sindituma. Koma anzanga akadzandifunsa, inu sindikudziwani. Munali a nsomba."

Consolata anatuluka ndi chisoti cha atate ake. Anakweza kansalu ka m'kati, nalowetsamo timapepala tiwili tija, nabwezela kansalu. Anawaveka a Daka chisoticho, namanga lamba pansi pa chibwano.

"Ku Kaumbwe mukafunse Sarah wa pafupi ndi chigayo. Musayambile kwa acheyamani. Mukamuonetse pepala long'ambalo. Ndipo mukanene kuti ndinu ndani musanakhale pansi. Mukakanamanso za nsomba, akakuthilani madzi otentha, ndipo ine ndidzati wachita bwino."

"Ndamva."

"Nesi wanuyo akapanda kubwela, musadzandilembele kalata yopepesa. Makalata anakwana."

Hutala inalila kumsewu. A Daka anadzuka pampando, naima njo.

"Shifiti! Faifi, wachedwanso!"

"Ndikupita, bambo."

Anamugwila mkono. Dzanja linali louma, lamphamvu. Maso awo anayela kwa kamphindi.

"Ukamuona Sophia kumeneko, umuuze abwele. Chakudya chikuzilala."

Consolata anatembenuka, nalowa m'nyumba. Vitalis anali atayamba kutola zitsononkho zake chimodzichimodzi, kuyambila kumtengo kubwelela pakhomo. Mildred analambalala mzelewo. Hutala inalila kachiwili. Anathamanga.

"Pang'ono ndikusiyeni," anatelo a Chibuye, akukankha chitseko ndi phazi. "Lusaka, eti? Basi ya kumadzulo tiipeza pa Nyimba."

"Ya Petauke."

"Petauke? Si kumene munachokela? Mwaiwalako chiyani?"

Mildred anaika chikwama pamiyendo, nachigwila ndi manja awili. Chinali chopepuka.

"Nanga mchila?" anafunsa a Chibuye. "Mwauona?"

"Yendetsani loli, bambo."